M'MATUMBO A KANSOMBA MULI MUDZI WONSE

Palibe ndiwo imene yapulumutsa mabanja ambiri m'dziko lathu lino kuposa kansomba kakang'ono. Kapenta wa ku Mpulungu ndi wa ku Siavonga, cisense ca ku Mweru ndi ku Bangweulu, matemba a m'mitsinje ndi m'madambo athu, izi ndizo zimatsitsa nsima pamene m'thumba mwauma. Nsomba yaikulu timayamba taitumbula n'kutaya matumbo ake, koma kansomba timakadya konse: mutu, minga ndi matumbo omwe. Ndiponso masiku ano alimi ambiri akumba maiwe kudimba, ndipo amatulutsa ndalama zao kugula tiana ta nsomba totalika ngati cala, poyembekeza kuti pakatha miyezi 6 kapena 8 adzakolola.

Koma ambiri a ife taonapo dziwe limene nsomba zake zimadya tsiku ndi tsiku koma osakula, kapena tiana timene timafa m'sabata yoyamba popanda cironda pathupi. Zifukwa zake n'zambiri: kuzizira, kuthithikana, kucepa kwa mpweya m'madzi, mbeu yosakhala bwino. Cifukwa cina cimene sitikambapo kawirikawiri ciri m'kati mwa kansombako. M'matumbo ake, amene ndi ocepa ngati ulusi, mumakhala tizirombo tosawerengeka, ndipo pa zaka 20 zapitazi akatswiri a sayansi aphunzira zambiri za ito. Apeza kuti kansomba sikakhala kokha. Kamadalira mudzi wonse wa tizirombo umene uli m'mimba mwake, ndipo mudzi umenewo umamangidwa kapena kupasulidwa ndi madzi ndi cakudya. Tsono madziwo ndife timawasamala kapena kuwaononga.

ALENDO OSAONEKA NDI MASO

Tikamva mau akuti tizirombo, maganizo athu amathamangira ku matenda. Komatu ife alimi tidziwa kale kuti si tonse toipa. Cimene cimasasitsa mabisi, munkoyo ndi thobwa ndi tizirombo. M'timibulu tija timaona pa mizu ya nshawa, soya ndi nyemba mumakhala tizirombo timene timaonjezera conde m'nthaka. Ng'ombe imanenepa ndi udzu cabe cifukwa m'cifu cake muli tizirombo timene timaigayira udzuwo. Nsomba nayonso iri ndi antchito ake otere.

Tambiri mwa tizirombo timeneti ndi ta mtundu wochedwa mabakiteriya. Kucepa kwake n'kodabwitsa: mabakiteriya 1,000 atandanditsidwa pamzere amangofika milimita imodzi kapena ziwiri. Woyamba kuwaona anali wogulitsa nsalu wa ku Delft m'dziko la Holland, Antonie van Leeuwenhoek, m'zaka za m'ma 1670, pogwiritsa nchito magalasi okuza zinthu amene anasula yekha. Kwa zaka zambiri akatswiri ankadziwa cabe mabakiteriya amene ankavomera kumera m'mbale zao za m'labotale, pamene oculuka samera m'menemo. Lero amawazindikira powerenga DNA, cizindikiro ca cibadwa cimene ciri m'camoyo ciriconse, kotero kuti kacidutswa kamodzi ka thumbo kakhoza kuwauza mitundu yonse imene iri m'menemo.

Nanga tizirombo timeneti timalowa bwanji? Kansomba kakangoswa, m'matumbo mwake mumakhala mulibe kanthu kwenikweni. Pakapita masiku owerengeka kukamwa kumatseguka, kansomba kayamba kumeza madzi ndi kudya, ndipo alendo oyamba amalowa: ocokera pa khungu la dzira, m'madzi, m'matope ndi m'cakudya. Mu 2015 akatswiri a pa yunivesite ya Wageningen ku Holland analera tiana ta tilapia, mtundu wa nsomba zimene timaweta m'maiwe athu, m'madzi osamalidwa mwa njira zosiyana. Anapeza kuti tizirombo ta m'matumbo mwa tianato tinasiyana motsatira madzi amene tinaleredwamo.

Komabe matumbo samalandira mlendo aliyense. Mu 2006 akatswiri a ku America anatenga tizirombo ta m'matumbo a mbewa n'kutiika mwa kansomba kamene kanalibe tizirombo. Patapita masiku, mudzi umene unakhazikika m'menemo unayamba kufanana ndi wa nsomba: mitundu ina inaculuka, ina inacepa. Motero madzi ndiwo amabweretsa alendo, koma mwini nyumba ndiye amasankha woti akhale.

NCHITO IMENE AMAGWIRA

Zambiri zimene tidziwa zacokera kwa kansomba kochedwa zebrafish, kaamba ka mizere yake yonga ya mbidzi. Kwao ndi ku India, Bangladesh ndi Nepal, m'minda ya mpunga ndi m'timitsinje, ndipo sikapitirira masentimita 4 kapena 5. Pamene kakali kamwana thupi lake limaonekera m'kati ngati galasi, conco munthu akhoza kupenya matumbo akugwira nchito kansombako kali moyo.

Mu 2004, John Rawls, Buck Samuel ndi Jeffrey Gordon a pa Washington University mumzinda wa St. Louis anatsuka mazira a kansomba kameneka ndi mankhwala, nawaswetsa m'madzi opanda kacirombo ngakhale kamodzi. Atayerekeza tiana totere ndi tinzake tokhala ndi tizirombo, anapeza kuti majini 212, ndiko kuti malangizo a cibadwa olamulira thupi, anali kugwira nchito mosiyana. Ena mwa iwo ndi amene amakonza khungu la m'kati mwa matumbo, ena amayendetsa cakudya m'thupi, ena amadzutsa citetezo ca thupi. Gulu la Karen Guillemin ku yunivesite ya Oregon linaonanso mu 2006 kuti matumbo a kansomba kopanda tizirombo sakhwima bwino, ndipo amayamba kukhwima tizirombo tikabwezedwa. Mu 2012 kunadziwikanso kuti tizirombo timathandiza matumbo a kansomba kuyamwa mafuta a m'cakudya. Apa ndi pamene mlimi ayenera kuchera khutu: gaga amene mwathira m'dziwe sasanduka mnofu pokhapokha matumbo atamugaya ndi kumuyamwa.

Nchito ina ndi yopanga mavitamini. Vitamini B12 amafunika popanga magazi ndi posunga mitsempha, ndipo nyama kapena mbeu sizitha kumupanga. Amapangidwa ndi tizirombo cabe. Akatswiri a ku Japan anaona mu 1991 kuti tilapia ndi carp, nsomba zimene zimakula bwino ngakhale cakudya cao ciribe vitamini ameneyu, ziri ndi mabakiteriya ambiri omupanga m'matumbo mwao. Mabakiteriya amenewa lero amachedwa Cetobacterium somerae, ndipo amapezeka kwambiri m'nsomba za m'madzi opanda mcere.

Cakudya naconso cimasankha okhala m'mudzimo. M'nyanja yathu ya Tanganyika muli mitundu yoposa 200 ya nsomba za banja limodzi ndi tilapia. Zina zimapala ndere pamiyala, zina zimadya tinsomba, zina mpaka zimakhalira kuzula mamba a zinzao. Zodya ndere ziri ndi matumbo aatali, opindikapindika, monga momwe mbuzi iriri ndi matumbo aatali kuposa galu. Laura Baldo ndi anzake anafufuza mitundu 29 ya ku Tanganyika ndi ya m'kanyanja ka Barombi Mbo ku Cameroon, ndipo mu 2017 analengeza kuti zodya ndere zinali ndi tizirombo tofanana ngakhale kuti cibale cao n'capatali.

Nchito yotsiriza ndi ya ulonda. Maungu ndi nyemba zikaphimba nthaka, udzu umasowa pomera. Cimodzimodzi tizirombo tabwino tikadzaza malo onse m'matumbo ndi kutsiriza cakudya cimene ciripo, toipa timasowa pokhala.

MADZI AKASINTHA MCERE

Ife a m'Zambia tiribe nyanja ya mcere, koma madzi athu amakafika kumeneko. Mtsinje wa Zambezi umene umayambira ku Ikelenge, utalandira Kafue ndi Luangwa, umakathira m'nyanja ya Indian ku Mozambique, ca ku Chinde. Pamenepo madzi a mtsinje amasanganikirana ndi a m'nyanja. Lita imodzi ya madzi a mumtsinje siikhala ndi mcere wofika theka la galamu; ya m'nyanja yaikulu imakhala ndi magalamu pafupifupi 35. Madzi osanganikirana aja ali pakati, ndipo mcere wake umakwera ndi kutsika malinga ndi mafunde ndi nyengo. Ngakhale kumtunda kuno madzi otere alipo. Nyanja ya Chilwa ku Malawi iribe mtsinje wotulutsa madzi, conco ikamaphwa mcere umaculuka. M'zaka zimene inauma, monga mu 1968 ndi mu 1995, matemba anapulumukira m'mitsinje yothira m'nyanjayo ndi m'madambo ake.

Kwa nsomba mcere ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Magazi ake ali ndi mcere woposa wa madzi a mumtsinje koma wocepera wa m'nyanja yaikulu. Ikakhala mumtsinje, madzi amalowa okha m'thupi kudzera m'ziwalo zofiira za m'mbali mwa mutu zimene imapumira, motero imamwa pang'ono cabe ndi kukodza kwambiri. Ikakhala m'madzi a mcere, thupi limataya madzi, ndiye imayenera kumwa kwambiri, matumbo n'kumayamwa madziwo. Pamenepo m'matumbo mumadutsa madzi a mcere usana ndi usiku, ndipo okhalamo amasintha.

Mu 2012 Karen Sullam ndi anzake a ku Philadelphia anasonkhanitsa zimene akatswiri osiyanasiyana anapeza m'matumbo a nsomba zamitundumitundu. Zinthu ziwiri ndizo zinaoneka kuti zimalamulira kwambiri: mcere wa m'madzi ndi mtundu wa cakudya. M'nsomba za m'madzi opanda mcere munaculuka mabakiteriya ochedwa Aeromonas ndi Plesiomonas, pamene m'nsomba za m'nyanja ya mcere munaculuka a banja la Vibrio.

Ena anafuna kuona kusinthako ndi maso. Anatenga kansomba kochedwa molly, ka ku Mexico ndi maiko oyandikana nalo, kamene kamakhala m'mitsinje ndi m'madzi osanganikirana momwe. Anaonjezera mcere pang'onopang'ono kucokera ku madzi opanda mcere kufikira magalamu 30 pa lita. Zotsatira zake, zimene Victor Schmidt ndi anzake anafalitsa mu 2015, zinaonetsa kuti mabakiteriya amene anali oculuka poyamba anasowa pafupifupi onse, ena n'kulowa m'malo mwao. Kansomba kanali komweko, koma mudzi wa m'thupi mwake unali wina.

Phunziro lake kwa ife n'loonekeratu. Tiana ta nsomba tikacotsedwa kumene tinaswedwa n'kuikidwa m'dziwe lathu, timakumana ndi madzi ena, kutentha kwina ndi tizirombo tina. Ndi ulendo waukulu kwa kanthu kakang'ono.

KANSOMBA KA M'ZITHAPHWI

Kum'mwera cakum'mawa kwa Zimbabwe ndi kum'mwera kwa Mozambique kuli kansomba kochedwa Nothobranchius furzeri, kamene akatswiri anakatola koyamba ku Gonarezhou mu 1968. Kamakhala m'zithaphwi za madzi a mvula. Cithaphwi cikauma tinsomba tonse timafa, koma mazira amatsala m'matope ouma kudikira dzinja lina. Mvula ikagwa amaswa, ndipo pakangotha masabata awiri kapena atatu kansomba kakula kale, kayamba kuikira mazira akeake. Ndico cifukwa cake anthu ena amati nsomba zotere zimagwa ndi mvula. Abale ake alipo kuno kwathu, m'zigwa za Kafue ndi za Luangwa.

Ngakhale kasungidwe bwino m'thanki, kansomba kameneka kamakalamba ndi kufa pa miyezi yowerengeka cabe. Kaamba ka ici akatswiri ofufuza za ukalamba amakakonda, pakuti zimene zimatenga zaka 70 mwa munthu amaziona mwa iko caka cisanathe. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kansomba aka kanawafupikitsira kudikirako.

Dario Valenzano ndi gulu lake ku Cologne m'dziko la Germany anaona kuti kansombaka kakamakalamba, mitundu ya tizirombo m'matumbo mwake imacepa, ndipo tina toyambitsa matenda timaculuka. Tsono anatenga tinsomba ta msinkhu wapakati, ta masabata 9 ndi theka, natipatsa mankhwala ocepetsa tizirombo ta m'matumbo, kenaka natiika m'madzi okhala ndi za m'matumbo a tinsomba ta masabata 6. Zotsatira zinatuluka mu 2017. Tinsomba timene tinalandira tizirombo ta tating'ono tinakhala moyo masiku oonjezera oposa gawo limodzi mwa magawo atatu, poyerekeza ndi timene tinalandira tizirombo ta tinzao ta msinkhu umodzi, ndipo tinapitiriza kusambira mwacangu mu ukalamba.

Izi zinacitika ndi nsomba za m'labotale. Munthu asatinamize ndi botolo pamsika kuti ali ndi mankhwala obwezera unyamata. Cimene tiphunzirapo n'cakuti mudzi wa m'matumbo ukakhala ndi mitundu yambiri, mwini wake amalimba.

MAKAPISOZI M'DZIWE

Pali cizolowezi cimene cafala pakati pathu. Nkhuku zikayamba kuodzera, timathamangira kukagula makapisozi, kuwatsegula n'kuthira m'madzi ao akumwa popanda kufunsa alangizi a ziweto. Ena ayamba kucita cimodzimodzi m'maiwe a nsomba. Ena sathira mwadala, koma amatenga zitosi za nkhuku zimene ziri pa mankhwala n'kuthira m'dziwe ngati manyowa, osadziwa kuti gawo lina la mankhwalawo limatuluka ndi zitosizo.

Mankhwala opha mabakiteriya sasankha mdani ndi mbale. Ku Sam Houston State University m'cigawo ca Texas, akatswiri anayesa izi pa kansomba kochedwa Gambusia, kamene kanafalitsidwa m'maiko ambiri kuti kadzidya mphutsi za udzudzu. Anakaika m'madzi okhala ndi rifampicin, amodzi mwa mankhwala amene odwala TB amamwa. Malinga ndi zimene anafalitsa mu 2015, tinsomba timene tinadutsa m'mankhwalawo tinagwidwa msanga ndi matenda titakumana ndi kacirombo koipa, tinalephera kupirira madzi a mcere wambiri, ndipo sitinanenepe monga tinzake. Mlimi amene wathira makapisozi pofuna kuteteza nsomba zake akhoza kukhala kuti wapha alonda n'kusiya citseko cotsegula.

Vuto lina n'lalikulu kuposa dziwe limodzi. Mabakiteriya amene apulumuka amakhala osamva mankhwala, ndipo amatha kupatsirana mphamvu imeneyi ngakhale ndi a mitundu ina. Madzi a m'dziwe amakathira kumtsinje kumene anthu amatunga. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2022 anaonetsa kuti m'caka ca 2019 cokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni pa dziko lonse anamwalira kaamba ka mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo maiko a kum'mwera kwa cipululu ca Sahara ndiwo anakhudzidwa koposa. Mwana wathu akadzadwala cibayo, mankhwala n'kukana kugwira nchito, sitidzakumbuka za kapisozi uja tinathira m'dziwe.

Poizoni nayenso ali m'gulu lomweli. Pamene damu la zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi mu Febuluwale 2025, madzi a asidi analowa mumtsinje wa Kafue ndipo nsomba zakufa zinaoneka ndi aliyense. Koma poizoni wocepa, monga wotsala m'mpope wopopera thonje kapena tomato umene tatsukira kumtsinje, sayandamitsa nsomba tsiku lomwelo. Amalowa ndi madzi ndi cakudya n'kukafika m'matumbo mwakacetecete.

SI ONSE ABWENZI

M'mudzi uliwonse mumakhala ena osafunika. Kacirombo ka kolera ndi ka banja la Vibrio lija, ndipo kwao kwenikweni ndi m'madzi, maka-maka osanganikirana ndi mcere. Mu 2010 akatswiri a ku Haifa m'dziko la Israel anapeza mitundu ya kacirombo kameneka m'matumbo a nsomba zooneka zathanzi. Mu 2019 enanso anapeza mtundu weniweni woyambitsa mliri m'nsomba ndi m'madzi a nyanja ya Victoria, mbali ya Tanzania. Mabakiteriya ena a m'nsomba, monga Aeromonas, amatha kutsegula munthu m'mimba kapena kuyambitsa mafinya pa bala.

Tonse tikumbukira mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 n'kupitirira mu 2024, pamene anthu oposa 20,000 anadwala, oposa 700 anamwalira, masukulu anacedwa kutsegulidwa ndipo bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala. Njira yaikulu ya kolera ndi madzi akumwa ndi cakudya zimene zakhudzana ndi cimbudzi ca munthu. Nsomba siyiyamba mlandu. Imanyamula zimene ife taika m'madzi.

Conco pasakhale wina woleka kudya kapenta. Kansomba kodyedwa konse kali ndi kashiamu wolimbitsa mafupa, ayironi woonjezera magazi, zinki, vitamini A ndi B12, zimene ana ndi amai apakati amazisowa kwambiri. Kapenta wouma wosinjidwa n'kuthiridwa m'phala ndi cakudya cabwino zedi ca mwana woyamba kudya. Cofunika ndi ici: dzuwa limaumitsa nsomba koma silitsiriza tizirombo tonse, maka-maka ngati yayanikidwa pamcenga pamene nchenche, nkhuku ndi agalu zimafika. Moto ndiwo umatsiriza. Kapenta atsukidwe ndi madzi otentha, aphikidwe kapena kukazingidwa mpaka apse, adyedwe akali wotentha. Ana asatolere wosaphika m'thumba n'kumatafuna. Amene watumbula nsomba asambe m'manja ndi sopo, atsukenso mpeni ndi mbale asanadulirepo tomato kapena ndiwo zamasamba.

ZIMENE MLIMI ANGACITE

Anzathu alimi, tizirombo sitingatione, koma zimene timatisamala nazo ziri m'manja mwathu.

Coyamba ndi pofika tiana. Thumba limene tabweramo liyandame padziwe kwa mphindi 20 kapena 30 kuti kutentha kufanane. Kenaka mutsegule, muthiremo madzi a m'dziwe pang'onopang'ono, tiana tituluke tokha. Nchito imeneyi icitike m'mawa kapena madzulo.

Caciwiri ndi mtundu wa madzi. Madzi abwino a tilapia amakhala obiriwira, pakuti kubiriwirako ndi tizomera tating'ono timene nsomba zimadya. Pisani mkono m'madzi mpaka m'cigongono. Ngati cikhato cikuonekabe bwinobwino, dziwe liri ndi njala, onjezerani manyowa. Ngati cazimirira mkono usanalowe n'komwe, kapena nsomba zikubwera pamwamba m'mamawa kudzapuma, lekani manyowa ndi cakudya, lowetsani madzi atsopano.

Cacitatu ndi manyowa. Akhale oola bwino, oikidwa m'kakhola pangodya ya dziwe. Zitosi za nkhuku zimene ziri pa mankhwala zipite kumunda wa cimanga zitaola. Cimbudzi ca anthu cikhale kutali ndi dziwe, kumunsi kwake, kuti madzi a mvula asakokolere zoipa m'menemo.

Cacinai ndi cakudya. Gaga akhale wouma, wopanda cuku. Perekani cimene nsomba zingatsirize pa nthawi yocepa, cifukwa cotsala cimaolera pansi, cimadya mpweya ndi kuculukitsa tizirombo toipa. Mukafuna kusintha cakudya, sanganizani cakale ndi catsopano kwa masiku angapo, kuti matumbo ndi okhalamo azolowere.

Cacisanu ndi matenda. Paja amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Yakufa icotsedwe tsiku lomwelo n'kukwiriridwa, osaiponya mumtsinje. Zikayamba kufa zambiri, itanani alangizi a ku Dipatimenti ya za Nsomba kapena a za ziweto musanathire kanthu kalikonse, ngakhale mcere, pakuti nawonso uli ndi muyeso wake. Ukonde wobwereka kwa mnzanu uyambe watsukidwa ndi kuyanikidwa padzuwa.

Cotsiriza, mukakolola, phwetsani dziwe, pansi paume mpaka pang'aluke, ndipo ngati alangizi avomereza muwazepo laimu musanalowetse madzi ena.

M'masitolo ena muli ufa ndi madzi a m'mabotolo okhala ndi tizirombo tabwino toti tisanganizidwe ndi cakudya ca nsomba. Pa kafukufuku wina zinthu zotere zathandizadi nsomba kukula ndi kupirira matenda. Koma tizirombo togula sitingakhazikike m'dziwe la madzi oola. Yambani mwakonza madzi, ndalamazo zisapite pacabe.

MADZI NDI A TONSE

Dziwe la mlimi mmodzi limamwa mumfuleni umene wadutsa m'minda ya anthu khumi, ndipo limathira kwa enanso khumi a kumunsi. Wosamala yekha sangapambane ngati wa kumtunda amatsukira mpope wa mankhwala m'madzi omwewo, kapena ngati mudzi ulibe zimbudzi. N'cifukwa cake nkhani iyi iyenera kukambidwa pa misonkhano ya magulu a alimi, m'makalabu a azimai ndi pabwalo la amfumu. Tigwirizane malo otsukira mipope kutali ndi mtsinje. Tigwirizane kuti makapisozi a anthu sadzalowanso m'khola kapena m'dziwe popanda uphungu wa alangizi. Tithandizane kukumba zimbudzi mvula isanayambe, pakuti dzinja ndiyo nyengo imene zonse za kuchire zimakokolokera m'madzi. Tikatero tiana timene tagula tidzakula, ndipo nsomba imene tidzaika m'mbale ya mwana idzakhala yocokera m'madzi amene ife tomwe sitingacite nao manyazi.